Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Maphunziro m'boma la Dedza: ana agwirenso buku la ndalama, osati khasu lokha

Wolemekezeka Bwana,

Landirani moni wathu. Kalatayi tailemba poyera kuti makolo, mahedi ndi makomiti a sukulu aimvenso, chifukwa nkhaniyi ndi yawonso.

Sukulu zambiri za pulayimale m'boma lino zili ndi kadimba kapena kamunda. Ana amagaula, amathirira, amapalira. Ndiwo zikakula zimagulitsidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwana sadziwa kuti mbewu inagulidwa ndalama zingati, mpiru unapita pa mtengo wanji, kaya panatsala kanthu kaya mpamba unamira. Iye wangotolapo matuza m'manja. Pempho lathu ndi lakuti pa sukulu iliyonse imene ana amalima kapena kupanga chogulitsa, buku la ndalama za ntchitoyo lizilembedwa ndi anawo.

Sitikupempha phunziro latsopano. Silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo tikudziwa kuti ofesi yanu siingaisinthe. Masamu, Ulimi ndi Life Skills zilipo kale. Chimene chikusowa ndi ndalama yeniyeni, ngakhale yochepa, yoti mwana aiwerenge, ailembe, mwina aluze, kenako afotokoze pamene yathawira.

Onani mmene masamu a pabolodi amasiyanirana ndi a pamsika. Tiyerekeze kuti mwana wapikula ndowa ya kachewere ku Bembeke pa K12,000. Wakabaza watenga K1,000, tikiti ya msika K300. Zonse pamodzi K13,300. M'ndowamo mwatuluka milu 30 ya K500, ndiye pa pepala ndalama ndi K15,000. Koma pansi pa ndowa pamakhala mbatata yotemedwa ndi khasu, yoyamba kuwola ndi yobiriwira chifukwa cha dzuwa, ndipo imeneyo yadya milu itatu. Wogula aliyense akuti "ikapo pulayizi", ndipo pofika madzulo pulayiziyo yadya milu ina iwiri. Yagulitsidwa ndi 25, m'thumba muli K12,500. Mwana amene waphunzira kuti phindu ndi mtengo wogulitsira kuchotsera wogulira adzati wapindula K500, n'kugula mandasi pokondwerera. Zoona zake waluza K800, ndipo mandasiwo adya mpamba. Akachita chimodzimodzi kasanu, geni yafa, ndipo kunyumba ayamba kunena kuti pamsika pali achitaka.

Mwana wolemba buku amazindikira kuti mtengo amauyika pa milu imene idzagulitsidwedi. K13,300 kugawa milu 25 ndi K532, choncho mulu wa K500 ndi kugwirira ntchito ogula. Akweze kufika K600, kapena achepetse mbatata pa mulu, kapena asankhule zikuluzikulu akazigulitse padera kwa a chiwaya amene amafuna zokazinga tchipisi. Amayi a pa Lizulu amachita masamu amenewa m'mutu asanatsitse n'komwe dengu, ndipo ambiri a iwo sanafike Sitandade 8.

Palinso phunziro lina limene akuluakulu ambiri analiphunzira mowawa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Amene ankagulitsa katundu pa mtengo wotengera zimene anaoda kale anapeza kuti ndalama yonse ya shelefu yathunthu ikungogula theka la shelefu. Mwana aphunzire kufunsa mtengo wa lero wa kumene amaoda asanalembe mtengo wake.

Kayendetsedwe kake si kovuta. Ayambe a Sitandade 5 mpaka 7, a Sitandade 8 asiyidwe ndi mayeso a MANEB. Kalasi igawidwe m'magulu a ana asanu ndi atatu mpaka khumi, chifukwa gulu likakula kuposa apo awiri okha ndi amene amagwira ntchito. Gulu lililonse likhale ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo maudindowa azisintha teremu iliyonse kuti asakhale a ana ochenjera pakamwa okhaokha, ndi kuti atsikana nawonso azigwira ndalama. Mpamba uchokere ku komiti ya sukulu ndipo ulembedwe ngati ngongole yobweza pakutha pa teremu. Mpamba wa ulere ana amauona ngati switi.

Mbewu isankhidwe poyang'ana kalendala ya sukulu. Kachewere amafuna miyezi itatu kapena inayi, ndipo nthawi ya mvula ndi nkhungu kuno kumapiri chiwawu chimatha kupsereza munda wonse m'masiku ochepa ngati sunapoperedwe. Ameneyo sayenera kuyambira ana. Mpiru, repu ndi tchainizi zimakhala pa nazale milungu itatu kapena inayi, n'kuyamba kuthyoledwa patatha pafupifupi mwezi chiwokereni, ndipo zimathyoledwa mlungu ndi mlungu. Mwana amaona ndalama ikulowa kangapo teremu isanathe. Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi kuti popalira asalipondeponde. Pamene palibe madzi odalirika, dimba lisakakamizidwe. Masache, mphasa zazing'ono kapena mbande za mitengo ndi malonda ndithu.

Bukulo ndi kope wamba lojambulidwa mizere isanu: tsiku, chachitika, zalowa, zatuluka, zotsala. Chilichonse chilembedwe tsiku lomwelo, ngakhale ndiwo zimene zafota n'kutayidwa. Lachisanu lililonse ndalama iwerengedwe mokweza pamaso pa kalasi yonse ndipo ifanane ndi zimene zili m'buku. Ikapanda kufanana, phunziro la Masamu la tsiku limenelo ndi kusaka pamene yasowera.

Pa kasungidwe tibwereke nzeru ya banki mkhonde, imene amayi m'midzi yathu akuidziwa bwino: bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana. Imodzi kwa msungichuma wa ana, ina kwa mayi wa m'gulu la amayi la pa sukulupo, yachitatu kwa membala wa komiti. Mphunzitsi asasunge kiyi kapena ndalama. Sitikunyoza aphunzitsi, Bwana, tikuwateteza. Mwezi ukatalika, K5,000 ya ana ili m'thumba imabwerekedwa mosavuta ndi mtima wobweza, ndipo mbiri ya munthu imaonongekera pomwepo. Lamulo lomwelo likhudze ngongole: ndiwo za ana zisatengedwe pa "ndidzakupatsa pa malipiro". Mwana wa Sitandade 5 sangakalonjerere ngongole kwa ahedi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Teremu ikatha, mpamba ubwezedwe kaye. Chotsala chigawidwe patatu: china cha mbewu ya teremu yamawa, china chosunga m'bokosi, china anawo agawane kapena agule makope monga agwirizanira okha. Gulu limene laluza lisalangidwe, liime kutsogolo lifotokoze kuchokera m'buku chimene chinachitika. Pomwepo mphunzitsi aonetse za chiwongoladzanja: K10,000 yobwereka pa 20 pa 100 imabwezedwa K12,000 pakutha pa mwezi, pamene wa katapila angafune K15,000. Awauzenso za Airtel Money ndi TNM Mpamba, kuti potapa ndalama pamakhala chodula, kuti nambala ya chinsinsi sauza munthu, ndi kuti uthenga wonena kuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" ndi wa akuba.

Choopsa chilipo, ndipo sitichibisa. Ntchito ngati iyi ikasowa woyang'anira imasanduka ganyu waulere, ana kulima m'munda wa munthu kapena kuima m'mbali mwa msewu wa M1 ndi beseni nthawi ya maphunziro. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Kalata yanu inene momveka kuti ntchitoyi ichitike m'mapiriyodi a Ulimi okha, malonda azichitikira pa sukulu pomwepo poweruka, ndipo mwana asatumidwe kumsika kapena kuyenda ndi malonda madzulo.

Tikupempha kuti mulembere alangizi a maphunziro m'mazoni onse, muyambe ndi sukulu ziwiri pa zoni kwa chaka chimodzi, ndipo aphunzitsi ake akumane tsiku limodzi pa TDC, malo a maphunziro a aphunzitsi a pa zoni, pamodzi ndi mlembi wa banki mkhonde ndi mayi wa geni wa m'deralo. Mlangizi akabwera kudzayendera, asangoyamikira kubiriwira kwa dimba. Aitanitse buku, aloze mzere umodzi, afunse mwana amene analemba kuti ndalama imeneyi inapita kuti.

Ndife anu,
Aphunzitsi opuma ndi alembi a mabanki mkhonde a ku Bembeke ndi Linthipe, Dedza