Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Nthambi ya Zankhalango: tikonzereni njira ya ana pa Phiri la Zomba

Olemekezeka Bwana Mkulu,

Ndikulemba ngati kholo lokhala mumzinda wa Zomba, mzinda umene umamwa madzi ochokera m'nkhalango yomwe ofesi yanu imayang'anira. Pempho langa ndi limodzi. Pamwamba pa Phiri la Zomba pakhale njira yaifupi, yolambulidwa bwino, yamthunzi ndi zikwangwani, imene banja wamba lingayende ndi mwana wa zaka 5 pamodzi ndi agogo ake, popanda mantha akuti tisochera kapena wina agwera m'madzi.

Njirayo simuchita kuyamba kulima. Ilipo kale. Imayambira pa damu la Mulunguzi, pafupi ndi hotela ya Sunbird Ku Chawe, n'kumatsata mtsinje chokwera, kudzera pa mathithi a Mandala, kukafika pa maiwe owetera nsomba za trout. Amene miyendo ikuwalolabe amapitirira mpaka pa mathithi a Williams. Ubwino wake ndi wakuti ilibe zikweza zothetsa mpweya. Wochokera m'tauni wapansi kudzera njira ya Potato Path amakwera mamita oposa 500, ndipo umenewo si ulendo wa mayi wobereka khanda kumbuyo. Koma mukangofika pamwamba, m'mbali mwa mtsinjemu mumayendeka. Madzi amamveka njira yonse, mitengo yachilengedwe yomwe idapulumuka nkhwangwa ikadalipo, ndipo kumazizira bwino ngakhale mu Okutobala pamene m'tauni malata akulira ndi dzuwa.

Mwana alibe nazo ntchito zoti nsonga ya phirili yotchedwa Malumbe ndi yaitali kupitirira mamita 2,000. Iye amafuna madzi. Amafuna kunjuta m'mbali mwa dziwe n'kumayang'ana ambululu, kuthamangitsa tombolombo, kuponya kamwala, kuloza anyani ali pamtengo. Akatopa, mumamukhazika pathanthwe, mumasula kamba, mwina n'kumugulira mabulosi kapena sitiroberi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Ulendo wa banja umakhala wotero basi. Malo otchuka aja, Emperor's View pomwe mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, adaima mu 1965, Queen's View pomwe mayi wa Mfumukazi Elizabeth adafika mu 1957, ndi Dzenje la Chingwe chakumadzulo, ndi okongola zedi. Kukacha bwino, kummawa kumaoneka nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Koma ndi kutali, kumafuna galimoto yamphamvu kapena maola ambiri a wapansi, ndipo mukafika mumakhala mwagwira mwana dzanja nthawi yonse chifukwa kutsogoloko ndi phompho.

Kuyambira nthawi ya atsamunda, Zomba ali likulu la dziko, pamwamba pa phiri panali popumulira mabwana. Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma maganizo aja sadasamuke. Funsani ana a ku Chikanda, Chinamwali, Sadzi kapena Matawale kuti ndi angati adaonapo damu limene madzi a pampopi wawo amachokera. Anthu athu ambiri amene amakwera phirili amakwerera ntchito: amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, anyamata osenza matabwa, ogulitsa zipatso ndi miyala yonyezimira. Kukwera kuti ukangoyenda ndi ana ako timakuona ngati za azungu. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, mabanja amasonkherana ndalama ya minibasi kupita ku Mangochi, kusiya maiwe ndi mathithi pakhomo pomwe. Sindikunyoza nyanja, inenso ndimaikonda, koma si banja lililonse limene lingakwanitse ulendowo.

Chachikulu chimene ndikupempha ndi mthunzi, ndipo apa mundilole nditalikitse. Ndikudziwa kuti paini wa pa phirili adabzalidwa kuti adzadulidwe. Ndi munda wa matabwa, ndipo boma liyenera kukolola. Zimenezo sinditsutsa. Koma pokolola pamakhala nzeru yosiya mzere wa mitengo m'mbali mwa mtsinje, mozungulira maiwe, ndi m'mphepete mwa njira za anthu. Aliyense amene wakwera phirili zaka zapitazi waona zigawo zimene zidasanduka zitsa zokhazokha, kenako moto wa pakati pa Seputembala ndi Novembala n'kudzamaliza mbande zomwe zidabzalidwa. Pamalo otere mwana sayenda mphindi 20 asanayambe kulira. Damu laling'ono la Chagwa, lomwe lili chakumtunda polowera ku Emperor's View, kukoma kwake konse kwagona pa mitengo yolizungulira. Ikachoka, latsala thamanda.

Ndipo mthunzi womwewo ndi umene umagwira dothi. Phiri likakhala dazi, mvula imakokolola nthaka kupita nayo m'damu la Mulunguzi, damu n'kumakwiririka, a Southern Region Water Board n'kumawononga ndalama zambiri kuyeretsa madzi amatope. Zomba akudziwa chimene phiri limachita likakhuta mvula. Akuluakulu amasimbabe za Napolo wa mu Disembala 1946, ndipo namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 adationetsa ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe kuti nkhanizo si nthano. Choncho mzere wa mitengo umene ndikupemphera ana ndi womwewo umene mzinda ukufunika kuti umwe madzi ndi kugona mwamtendere. Nkhalangoyi idatetezedwa ndi lamulo mu 1913, ndiye mphamvu yonena kuti apa musadule muli nayo kalekale.

Kenako nkhani ya madzi enieniwo. Madzi a pamwamba pa phiri ndi ozizira kwambiri, damu la Mulunguzi ndi lakuya, ndipo miyala ya pa mathithi imakhala ndi ndere yoterera. Ana ambiri a m'tauni sadziwa kusambira, makolo awonso chimodzimodzi. Pakufunika zikwangwani zonena poyera kuti apa mpozama, apa musasambe, apa mwana angaviike mapazi. Zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, Chingelezi chibwere pambuyo. Pamalo awiri kapena atatu oopsa pakhale chotchinga chamatabwa, ndipo maulalo owolokera timitsinje akhale ndi pogwira. Matabwa ake, Bwana, ali pomwepo.

Zimbudzi ndiye musaziiwale, ngakhale nkhani yake si yokoma kulemba m'kalata yopita kwa munthu wolemekezeka. Njira yonseyi ili kumtunda kwa damu. Mwana akati ndikufuna kudzithandiza, sadikira. Ngati palibe chimbudzi, kholo limamulowetsa patchire, ndipo mvula ikagwa zonse zimatsikira m'madzi omwe timamwa. Dziko lino lidataya anthu oposa 1,700 ndi kolera ya mu 2022 ndi 2023. Zimbudzi ziwiri zomangidwa patali ndi mtsinje, zokhala ndi munthu wozisamalira, si chinthu chapamwamba ayi.

Palinso chifunga. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, nkhungu imatha kutsika mwadzidzidzi moti munthu osaona ngakhale mtengo uli patsogolo pake, ndipo misewu ya odula mitengo imafanana yonse. Mizati yopakidwa utoto pa mphambano iliyonse, yonena komwe njira ikupita ndi mphindi zoyenda, ingathetse vutoli.

Ena adzati zikwangwani zilanda chakudya pakamwa pa anyamata olondolera alendo amene amadikira makasitomala pafupi ndi Ku Chawe. Ine sindikuona choncho. Banja la ku Mpondabwino silidalembepo wolondolera n'kale lomwe, chifukwa silibwerako. Likayamba kubwera, tsiku lina lidzafuna kukafika ku Dzenje la Chingwe, ndipo kumeneko lidzafuna munthu wodziwa njira. Anyamata omwewo mungawapatse ntchito yolambula njirayi ndi kuyang'anira pa madzi Loweruka ndi Lamulungu. Enanso adzati anthu akachuluka, zinyalala ndi moto zichuluka. Zinyalala inde, ndipo pafunika migolo ndi lamulo loletsa kusonkha moto kupatula pamalo okonzedwa. Koma moto umene umatha phirili suyatsidwa ndi mabanja odya mpunga pansi pa mtengo. Ndipo ocheka matabwa mozemba amakonda nkhalango yopanda maso. Njira imene pamadutsa anthu tsiku ndi tsiku siwakomera.

Za ndalama ndikudziwa kuti mudzati bajeti ndi yochepa. Lamulo la zankhalango la 1997 lidakhazikitsa thumba lotukulira ndi kusamalira nkhalango. Ikani mtengo wochepa wolowera kwa Amalawi akuluakulu, ana alowe ulere, risiti iperekedwe, ndipo pachipata pakhomedwe pepala losonyeza zomwe zatoleredwa ndi zomwe zakonzedwa. Anthu sakana kulipira akamaona ulalo watsopano. Akatswiri simukawafuna kutali. Forestry Research Institute of Malawi, yofufuza za nkhalango, ili ku Zomba konkuno, National Herbarium and Botanic Gardens, yosunga ndi kufufuza za zomera, ili m'munsi mwa phiri lomweli, University of Malawi nayonso ili pano. Ophunzira awo angathe kulemba maina a mitengo ya m'njirayi pa timatabwa, dzina la kwathu pamwamba, la sayansi pansi.

Chaka chilichonse, kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo, timasonkhanitsa ana asukulu kuti abzale mitengo, nduna ikulankhula, makamera akujambula. Ambiri mwa anawo sabwereranso kukaona ngati mbande yawo idagwira. Bwanji nyengo ikudzayi sukulu za mumzinda zipatsidwe zigawo m'mbali mwa njira ya Mulunguzi, sukulu iliyonse ndi chikwangwani chake, kuti teremu iliyonse ana azikwera kukapalira ndi kulambula motchinga moto? Mphunzitsi adzakhala ndi chifukwa chopempha galimoto, ndipo mwana adzakakamiza makolo ake kuti akaone mtengo wake.

Ndikupemphani kuti mutume akuluakulu anu oyang'anira phirili ayende njirayi kuchokera pa damu mpaka pa mathithi a Williams, atatenga kalasi imodzi ya Sitandade 4 ndi aphunzitsi awo. Alembe paliponse pomwe mwana waterereka, wasowa mthunzi kapena wafunsa chimbudzi. Zimene apezezo muzilengeze poyera, pamodzi ndi tsiku loyamba ntchito, kuti ife makolo tidziwe ngati pa 15 Okutobala ikudzayi tikonzekere minibasi ya ku Mangochi kapena tikwere phiri.

Ine wanu mwaulemu,
Kholo la ku Zomba