Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Biology pa mutu wa mphamvu m'maselo

Aphunzitsi anzanga,

Munandituma kukaimira kalasita yathu, ndipo ndabwerako. Za mayendedwe ndi malo ogona ndawapatsa kale a tcheya papepala lina. Pano ndinene za phunziro lenilenilo, mutu uja wa photosynthesis (mmene zomera zimapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa) ndi respiration (mmene maselo amatulutsira mphamvu m'chakudya) umene ana athu amauloweza pamtima koma n'kugwa nawo funso likangotembenuzidwa pang'ono.

Za photosynthesis sitinachedwepo. Mayi amene ankatsogolera zokambirana anatipempha kuti tisanalembe kalikonse pabolodi tiziyamba tafunsa ana kuti thunthu la mtengo limachokera kuti. Ambiri adzati m'dothi. Apo ndi pofotokozera za Jan Baptist van Helmont, amene m'zaka za m'ma 1600 anadzala kamtengo mumphika n'kumangokathirira kwa zaka zisanu. Mtengowo unalemera ndi makilogalamu pafupifupi 74, pamene dothi linachepa ndi magalamu osafika 60. Van Helmont anati kulemerako kunachokera m'madzi. Lero tikudziwa kuti mtengo ukauma, zambiri zotsalazo zinamangidwa kuchokera ku carbon dioxide wa mumlengalenga, ndipo okosijeni amene masamba amatulutsa amachokera m'madzi, monga anasonyezera Ruben ndi Kamen mu 1941. Mayi aja anatichenjezanso za bodza lofala loti zomera zimachita respiration usiku wokha. Zimachita usana ndi usiku, kungoti masana photosynthesis imaiphimba.

Nthawi yambiri inathera pa mitochondria, tizigawo ta m'selo topanga mphamvu, ndipo ndi pamene ndinapindula. Ana timawauza kuti shuga amaphwanyidwa n'kutulutsa mphamvu, basi, osawauza njira yake. Chiyambi chimachitikira kunja kwa mitochondria, pamene shuga wa glucose amagawidwa pakati n'kupereka ma ATP awiri okha (ATP ndi kachinthu konyamula mphamvu imene selo imagwiritsa ntchito). Zotsalazo zimalowa mkati, m'gawo lija analitulukira Hans Krebs mu 1937, koma nalonso palokha silipanga ATP wambiri. Ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa ma electron pa zidutswa za shuga. Ma electron amenewa akamadutsa m'mapuloteni a pa kachikopa kamkati ka mitochondria, mphamvu yawo imakankhira ma hydrogen ion mbali imodzi mpaka kudzazana. Njira yobwererera ndi puloteni yotchedwa ATP synthase, ndipo akamadutsamo imazungulira ndithu n'kumapanga ATP. Mayi aja anayerekeza ndi ku Nkula, kumene madzi a Shire amatsekedwa kenako n'kuwalola kutsika kuti azungulitse makina. Okosijeni amadikira kumapeto kulandira ma electron, n'kusanduka madzi. Akasowa, zonse za m'mbuyo zimaima.

Wasayansi Peter Mitchell atanena za ma hydrogen ion amenewa mu 1961, akatswiri anzake ambiri sanamukhulupirire, koma anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1978. Ndikuona kuti ana azimva mbiri zotere, aleke kuganiza kuti sayansi inagwa kumwamba itatha kale. Muwauzenso kuti thupi silisunga ATP wambiri. Limangomupanga ndi kumuphwasula mobwerezabwereza, moti pa tsiku amene wapangidwa amalemera pafupifupi ngati mwini thupiyo.

Mphunzitsi wina wa ku Nkhata Bay ndiye anatiikira nkhaniyi pakhomo. Anafunsa chifukwa chake kwawo amaviika chinangwa chowawa masiku angapo asanapange ufa wa kondowole. Chinangwacho chili ndi linamarin, amene amatulutsa poizoni wa cyanide, ndipo cyanide amakamata puloteni yomaliza ija yopereka ma electron kwa okosijeni. Munthu mpweya akukoka bwinobwino, magazi adzaza okosijeni, koma maselo akulephera kumugwiritsa ntchito. Kuviika ndi kuyanika kumachotsa poizoniyo. Anakumbutsanso za chigawo cha Nampula ku Mozambique, kumene mu 1981, nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda a konzo atadalira chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. M'holo munati zii. Ine chitsanzo chimenechi ndayamba kale kuchilemba mu sikimu yanga, chifukwa mwana amene wamva izi sangafunsenso kuti mitochondria amuthandiza chiyani.

Mkangano unabuka pa nambala. Mabuku ambiri amene tili nawo amati glucose mmodzi amapereka ma ATP 38, pamene kafukufuku wa pambuyo pake amati ndi pakati pa 30 ndi 32. Ena anati tisasokoneze ana, mayeso ali pafupi. Ena anati sitingaphunzitse zimene tikudziwa kuti zinasintha. Sitinamange mfundo imodzi. Ine maganizo anga ndi oti mwana adziwe nambala ya m'buku lake, timuuze kuti ilipo ina, koma chachikulu agwire kusiyana kwake: popanda okosijeni ndi ziwiri zokha, ndi okosijeni ndi makumi atatu kapena kuposerapo.

Pa zoyeserera, dandaulo loti tilibe labu silinamveke. Tinatenga botolo la pulasitiki, madzi ofunda, masupuni awiri a shuga ndi kapaketi ka yisiti wa mandasi, n'kuvundikira kukamwa ndi baluni. Pasanathe ola thovu linakwera, baluni n'kuimirira, fungo la mowa n'kuyamba kumveka. Gulu lina linathira madzi owira kumene ndipo baluni yawo inangogona, yisiti atafa, zomwe zinasanduka phunziro lina la ma enzyme, mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'maselo amene amawonongeka ndi kutentha kwambiri. Tinaonanso chimanga chomera, chonga cha chimera, chikukweza thermometer mu flask, pamene chowiritsa sichinasinthe kanthu.

Pempho langa ndi loti tikakumana Loweruka likubwerali, sukulu iliyonse ibwere ndi mabotolo awiri ndi shuga, yisiti ndi mabaluni ndigula ndine pa ndalama zimene zinatsala. Amene muli ndi ma thermometer musaiwale, ndipo chimanga muchiviike Lachiwiri kuti chifike chitamera.

Ndine mnzanu pa ntchito,
Nthumwi ya kalasita