Zikomo ofesi ya zausodzi ku Mangochi, mwandichotsa manyazi pamaso pa mwana wasukulu

Kwa Bwana Mkulu,
Ofesi ya Zausodzi,
Mangochi.

Bwana,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi nyanja ya Malombe, ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya zachilengedwe. Kalatayi ndikulemba usiku uno ndisanagone, chifukwa zomwe ndaona mu ofesi yanu lero sindinazizolowere.

Mtsikana wathu wa Fomu 3 anapatsidwa mutu wokalankhula pa mpikisano wa makalabu, wonena za nyama za m'nkhalango za kelp (zomera zazitali za pansi pa nyanja yamchere), mmene matupi awo anayenerana ndi malowo komanso mmene zimagawanirana chakudya. Mwanayu anabadwira pagombe la Malombe, bambo ake ndi msodzi. Nyanja yamchere sanaionepo, ngakhale ine mphunzitsi wake ndimangoiona pa mapu.

Ndisanafike kwa inu ndinali nditayenda kale maofesi awiri. Sindiwatchula, eni ake akudzidziwa. Koyamba ndinapitako katatu, ndipo katatu konse ndinapeza jekete lili pampando, mwini wake "atuluka pang'ono". Tsiku lachitatu ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka, ndikuonerera mesenjala akudutsa ndi makapu a tiyi kulowa m'chipinda chomwe ankati mulibe munthu. Kwinako anati ndilembe kalata. Ndinalemba. Kalatayo inasowa. Ndinalembanso, akuti ilibe chidindo. Nditabwera nacho chidindocho, mnyamata wa pakauntala anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kunjaku kwatentha, pakhosi pauma." Ndinamva zomwe ankatanthauza, ndinangotenga kalata yanga n'kutuluka. Ndalama ya minibasi ndi kabaza yonseyo inkachoka m'thumba mwanga, ndipo malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa.

Ndiye lero m'minibasi ndinamuuziratu mwanayo kuti asayembekezere zambiri. Tinafikanso nthawi yoipa, 12 koloko itangodutsa, pamene zitseko zambiri zimayamba kutsekedwa.

Tinapeza mayi mmodzi atangotsegula kontena yawo ya mpunga ndi usipa, supuni ili m'manja. Dzina lawo sindilemba pano, ndinaona kuti ndi munthu wosafuna kutchuka, koma inu muwadziwa, amavala magalasi a chingwe. Ine ndinayamba kale kupepesa kuti tibweranso. Iwo anatseka kontena ija, n'kuikapo fayilo pamwamba kuti ntchentche zisavute. "Khalani pansi aphunzitsi. Iwe mwanawe, tenga mpando wangawu." Anamuthirira madzi m'kapu yawo, anadikira kuti amwe, kenako anafunsa mwanayo, osati ine, chomwe tabwerera. Atamva anaseka nati, "Kelp kuno kulibe, koma funso akufunsalo yankho lake lili m'nyanja yathu yomweyi. Tiyambe taona kaye za eni akezo."

Anatulutsa foni yawo, ndi bandulo yawo, n'kutionetsa kanema. Zomera zazitali zofiirira zikuweyuka m'madzi ngati nsungwi pamphepo. Anatifotokozera kuti kelp ndi mtundu wa ndere, imakonda madzi ozizira a m'nyanja yamchere monga ku California, ku Chile, ku Tasmania ndi ku Cape Town. Ilibe mizu yeniyeni, imangogwira mwala ndi chinthu chonga zala, ndipo masamba ake ali ndi timatumba ta mpweya tomwe timaikokera kumwamba kukapeza dzuwa. Mtundu waukulu kwambiri umatha kutalika masentimita 60 pa tsiku limodzi zinthu zikakhala bwino, n'kufika mamita oposa 30. Anajambula nkhalangoyo kuseri kwa pepala lakale n'kuigawa patatu. Pansi, m'zala zogwira mwala zija, mumabisala nkhanu ndi tizilombo ting'onoting'ono, ndipo pamiyala pamakwawa nkhono zotchedwa abalone. Pakati pali nsomba ina yopyapyala ngati tsamba, yomwe mtundu wake umafanana ndi masamba omwe yabisalamo. Pamwamba, pomwe masamba ayala ngati mphasa, pamakulira tiana ta nsomba.

Kenako pa foni panatulukira kanyama kakugona chagada pamadzi, mwala uli pamimba, kakuswa chigoba. Mwana uja anakuwa, "Katumbu!" Mayiwo anawomba m'manja. Anati ndi m'bale wake wa katumbu wathu, koma uyu ndi wa m'nyanja yamchere ya Pacific. Alibe mafuta okhuthala pansi pa khungu, chomwe chimamuteteza ku madzi ozizira ndi ubweya wothithikana kuposa wa nyama ina iliyonse, komanso kudya kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake tsiku lililonse. Akafuna kugona amadzikulunga m'masamba a kelp kuti madzi asamutenge. Chakudya chake china ndi tinthu tozungulira taminga ngati kanungu, totchedwa sea urchin, tomwe timadya kelp. Alenje a zikopa atapha akatumbuwa mpaka kutsala ochepa, mayiko asanagwirizane zowateteza mu 1911, tinthu taminga tija tinaswana n'kudya nkhalango zonse m'malo ambiri, kutsala miyala yokhayokha. Kumene akatumbu anabwerera, kelp inameranso.

Apa mayiwo anatembenuza pepala n'kufunsa, "Nanga mbuna umazidziwa?" Anati pamwala umodzi ku Cape Maclear, m'paki ya Lake Malawi yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, mumapeza mitundu ingapo ya mbuna, tinsomba tokhala m'miyala, ikudya ndere pamalo amodzi osalandana, poti pakamwa pawo m'posiyana. Ina kamwa lili pansi, imapala mwala itagona nawo. Ina mano ake ali ngati chipeso, imasesa ndere zomasuka. Palinso ina yomwe imangozembera zinzake n'kuzizula mamba. Anatiuzanso za nsomba ina yotchedwa kalingono, yemwe amagona chammbali pamchenga ngati wafa, tinsomba tikabwera kudzanunkhiza n'kutimeza. Usipa uli pamtunda wa madzi, ncheni ikuusaka, kampango akuyenda pansi usiku. Ine ndaphunzitsa mutu umenewu zaka zambiri ndi zitsanzo za m'buku, koma sindinaganizepo zoyambira pa ndiwo zomwe ana amadya kwawo. Ndinachita manyazi pang'ono, sindikana.

Mwanayo anakhala chete, kenako anati, "Amayi, bambo anga amati kale pansi pa Malombe panali udzu, chambo chinkaswana momwemo, koma makoka a nkacha anaukokolola." Mayiwo anavula magalasi, anamuyang'ana nthawi ndithu, n'kumupatsa cholembera chawo. "Lemba zimenezo mwanawe, ukayambire pamenepo. Akakufunsa kuti unazitenga kuti, ukanene kuti kwa bambo ako."

Za mapepala sindikumbuka bwino mmene zinayendera. Ndinasaina m'buku lina, iwo analowa chipinda china n'kubwera ndi masamba angapo osindikiza, basi. Palibe anatchula chidindo, palibe amene pakhosi pake panauma, chonsecho dzuwa la Mangochi ndi lomwelija linkawotcha kumaofesi ena aja. Nditagwira m'thumba kuti ndibweze ya bandulo, anandiletsa ndi dzanja nati, "Sungani, mukwerere minibasi."

Pempho langa ndi limodzi, Bwana. Muwaitane mayiwa muwauze kuti mphunzitsi wa ku Malombe uja wathokoza, ndipo ngati n'kotheka mudzawalole tsiku lina adzalankhule ndi kalabu yathu yonse. Nkhomaliro ya tsikulo tidzakonza ife, yotentha, chifukwa ya lero tinawasiya akuitsegula 2 koloko itakwana, mpunga utauma kale.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kalabu ya zachilengedwe,
kufupi ndi Malombe.