Lipoti la Msonkhano wa Otolera Makobidi Akale a Aroma

Kwa Wapampando ndi mamembala onse,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano wa otolera makobidi akale ku London, ndipo zokambirana zambiri zinali pa makobidi amkuwa a Aroma, omwe ambirife timakwanitsa kugula.

Mfundo imene ndinaiona kuti ndi yaikulu ndi yakuti pozindikira khobidi tisamayambire pa nkhope ya mfumu, chifukwa mafumu a m'zaka za m'ma 300 anajambulidwa mofanana ngati ana a bere limodzi. Tiziyamba ndi kumbuyo kwa khobidi, makamaka zilembo za m'munsi zosonyeza mzinda umene linasulidwira: PLN ndi London, TR ndi Trier, SIS ndi Siscia, ndipo ALE ndi Alexandria. Anatipatsa kakhobidi kolembedwa GLORIA EXERCITVS, pamene asilikali awiri aima atagwira mikondo, natiuza kuti tiwerenge mbendera zili pakati pawo. Zikakhala ziwiri, khobidilo ndi la pakati pa chaka cha 330 ndi 335, koma ikakhala imodzi, linasulidwa pambuyo pake. Za makobidi akuluakulu akale okhala ndi zilembo SC (kutanthauza chilolezo cha nyumba ya malamulo ya Aroma) sitinachedwepo, kupatula kuti mtundu wina wa makobidiwa, wotchedwa dupondius, umadziwika kawirikawiri ndi chisoti chachifumu chokhala ndi nsonga, kuyambira nthawi ya mfumu Nero.

Pa nkhani yotsuka panali mtsutso ndithu, koma ine ndikugwirizana ndi amene anati mtundu wobiriwira wolimba umene umakuta khobidi usachotsedwe, popeza umateteza mkuwa ndiponso khobidi lopalidwa limatsika mtengo. Choopsa ndi ufa wobiriwira mopepuka umene umayoyoka ukaukhudza. Khobidi lotere lichotsedwe pakati pa anzake ndi kusungidwa pouma.

Tinakumbutsidwanso lamulo la Treasure Act la 1996, lakuti ku England aliyense wopeza pamalo amodzi makobidi amkuwa 10 kapena kuposerapo, opitirira zaka 300, akanene ku boma pasanathe masiku 14. Chitsanzo chinali cha ku Frome, tauni ya ku England, mu 2010, kumene makobidi 52,503 anapezeka mumphika umodzi, ndipo wowapezayo anausiya pansi mpaka akatswiri anafika.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tivomereze kugula galasi lokulitsira zinthu ndi sikelo yaing'ono, ndiponso kuti membala aliyense azilemba kumene khobidi lake linachokera asanaliike m'kaundula wa gulu.

Ine nthumwi yanu.