Zimene ndinaona nditagona pabedi la odwala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anamwino anzanga, azamba ndi madokotala kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri kuno ku Nkhotakota, ndipo ndinkaganiza kuti za m'wodi ndikuzidziwa zonse, mpaka tsiku limene njinga yamoto ya kabaza imene ndinakwera inagwa pamsewu wa M5 pafupi ndi Chia, mwendo wanga n'kuthyoka. Ndinagonekedwa m'chipatala china kumene kunalibe wondidziwa, ndipo sindinaulule ntchito yanga.

Ululu wa fupa ndinaupirira. Chimene chinandiwawa mumtima n'chakuti m'mawa uliwonse adokotala ndi ophunzira awo ankazungulira bedi langa, akuwerenga faelo ndi kukambirana za mwendo wanga m'Chingerezi, osandiyang'ana kumaso. Ine ndinkamva zonse, koma agogo ena amene anagona pafupi nane ankangoti kakasi, ndipo gululo likangochoka ankandifunsa monong'ona ngati anthu aja agwirizana zowadula mwendo. Nkhani yeniyeni inali yongowasinthira mankhwala. Agogowo ankachezera ndi mantha usiku wonse chifukwa cha mawu ochepa amene palibe anawauza m'Chichewa.

Usiku wina ndinafuna kudzithandiza, mchemwali wanga amene ankandiyang'anira atapita kukagona panja ndi magadiyani anzake. Ndinaitana, ndinauzidwa kuti ndidikire kaye, ndipo ndinadikira mpaka ndinadziwonongera. Manyazi a usiku umenewo sindidzawaiwala, makamaka chifukwa ndinakumbukira kuti mawu omwewo akuti "dikirani kaye" ndinawanenapo kambirimbiri, kenaka n'kutanganidwa ndi zina.

Chibwerere kuntchito, manja anga ndi omwewo koma kagwiridwe kanga kasintha. Ndimayamba ndatchula dzina langa ndi kumuuza wodwala chimene ndikufuna kuchita ndisanamubaye kanyula, kapaipi kolowetsera mankhwala mumtsempha. Ndikamasambitsa mayi kapena kumutsuka bala ndimatchinga, ngakhale ndi chitenje chake chomwe. Ndikapereka LA kwa wodwala malungo sindingoloza pakatoni, koma ndimafotokoza kuti amwe kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, atadya kanthu, ndiponso amalize ngakhale thupi litazizira. Zimene ndalemba m'buku lake la kuchipatala ndimamuwerengera, pakuti bukulo ndi lake.

Sindikunyoza anzanga. Ndikudziwa kutopa kwa namwino amene watsala yekha usiku m'wodi yodzaza, ndipo tonse tikukumbukira mmene kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inatifoolera ife a m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Boma liyenera kulemba ntchito anthu okwanira. Komabe kupereka moni ndi kufotokoza matenda m'chilankhulo chimene wodwala akumva sikudikira bajeti.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa ife tikadwala sitilawa zimene odwala ena amalawa. Anzathu amatilowetsa kukhomo lakumbuyo, sitikhala pamzere, mankhwala amatipeza pabedi, ndipo timachira osaphunzirapo kanthu. Inenso akanandizindikira, bwenzi sindikulemba kalata ino.

N'chifukwa chake ndikupempha bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ndi Malawi College of Health Sciences kuti wophunzira aliyense, asanavale yunifolomu, akhale tsiku lathunthu pabenchi ya odwala kuyambira mbandakucha mpaka pazenera lolandirira mankhwala, agonenso usiku umodzi kumalo a magadiyani. Aziitananso anthu amene anagonekedwapo kuti adzafotokoze m'kalasi zimene anakumana nazo. Madandaulo amene amafika kwa Ombudsman wa pachipatala nawonso aziwerengedwa pamisonkhano ya ogwira ntchito, maina atachotsedwa, kuti tizimva tokha zimene odwala akunena za ife.

Ndine,
Namwino wokhudzidwa,
Nkhotakota