Kalata kwa Akhristu Onse pa Nkhani ya Kuthimathima kwa Magetsi

Okondedwa mwa Ambuye, abale ndi alongo, amayi ndi abambo, chisomo ndi mtendere zikhale nanu.

Ndakulemberani chifukwa nkhani ya magetsi yafika mpaka m'mapemphero athu. Ambiri mukamapereka zopempherera mumatchula ntchito yaima, katundu waonongeka mu filiji, ana alephera kuwerenga usiku. Zimenezi si zazing'ono pamaso pa Mulungu, ndipo sindikufuna kuti tizizitenga ngati chizolowezi chongodandaula.

Vutoli lili m'maiko ambiri osauka ndi ongotukuka kumene. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anthu pafupifupi 600 miliyoni alibe magetsi n'komwe, ndipo amene ali nawo amawaona mwa apo ndi apo. Mu 2024 chilala chinachepetsa kwambiri madzi m'damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, moti m'madera ena a Zambia magetsi ankathima maola 20 patsiku. Ku South Africa mu 2023 anathimitsidwa mosinthanasinthana masiku oposa 300. Kwina makina opangira magetsi ndi okalamba, kwina anthu achuluka koma mphamvu yake sinawonjezeke, kwina ndalama zokonzera zinalowa m'matumba a anthu.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mdima umenewu sutigwera mofanana. Magetsi akathima, nyumba ina imayatsa jenereta kapena sola, moyo n'kumapitirira. Nyumba yoyandikana nayo, ya munthu wowotcherera zitsulo kapena wometa tsitsi, tsiku limenelo yagona ndi njala, chifukwa iye amadya zimene wapeza tsiku lomwelo. Onsewa Lamlungu amakhala pa benchi imodzi, amamwera chikho chimodzi pa Mgonero. Mtumwi Paulo, pa 2 Akorinto 8:13-14, anauza Akhristu kuti zochuluka za ena zikwaniritse kusowa kwa anzawo kuti pakhale kulingana. Ankanena za chopereka, koma ine ndikuona kuti lero mawuwa akukhudzanso soketi ya pakhoma panu.

Choncho inu amene muli ndi sola kapena batire, tsegulani khomo. Lolani mnzanu atchajitse foni popanda kumuonetsa nkhope yotopa. Itanani mwana wa mayeso wa nyumba yoyandikana nanu adzawerengere pa tebulo lanu. Koposa zonse kumbukirani odwala matenda a shuga: insulin, mankhwala amene ena mwa iwo amadzibaya, ikakhala yosatsegula imafuna kukhala pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ikatenthedwa imafooka mphamvu, wodwalayo osadziwa. Kagawo kakang'ono ka filiji yanu kangasunge moyo wa munthu. Ndapempha akulu a mpingo kuti adziwe odwala otere m'madera awo ndi kuwalumikiza ndi mabanja amene angawasungire mankhwala. Inunso osowa, musachite manyazi kupempha. Kukana thandizo la m'bale chifukwa cha ulemu wako kumamulanda iye mwayi wotumikira.

Pali za chitetezo zimene sindingazisiye. Jenereta isayatsidwe m'nyumba, m'khonde lotsekeka kapena pafupi ndi zenera. Ikhale panja, mamita 6 kapena kuposerapo kuchokera pa nyumba. Utsi wake, monganso wa makala oyaka m'chipinda chotseka, uli ndi mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako munthu amagona osadzukanso. Mukamva zotere tulukani nonse msanga, muthamangire kuchipatala. Kandulo musaisiyire ana, ndipo izimitsidwe musanagone. Magetsi akathima zulani mapulagi a zipangizo zanu, chifukwa nthawi zambiri amabwera ndi mphamvu yopyola muyeso. Filiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira kwa maola ngati 4.

Tsopano ndilankhule mosabisa. Ena mwa ife alumikiza mawaya mozemba mita, ena agula nthambo zotchipa akudziwa bwino kuti zinadulidwa pa mapolo. Mumati kampani ya magetsi nayonso imatibera. Mwina pali zoona m'dandaulo lanu, koma lamulo lakuti usabe silinaike malire pa amene tikumubera. Thiransifoma ikabedwa mafuta kapena kulemedwa ndi mawaya ozemba imapsa, ndipo amene amakhala mu mdima miyezi ndi mayi woyembekezera pa chipatala chaching'ono ndi ana a anzathu. Amene zikumukhudza abwere, tikambirane mwachinsinsi, akonze njira yake.

Kupirira kwa Mkhristu sikutanthauza kukhala chete. Tili ndi ufulu wofunsa atsogoleri athu kuti ndalama za magetsi zikupita kuti, ndi kupempha kuti ndondomeko ya kuthimitsa ilengezedwe ndi kutsatidwa, kuti munthu adziwe nthawi yogwira ntchito. Tifunse mwaulemu koma mosatopa. Ndipo mukakumana ndi anyamata okwera mapolo usiku mvula ikugwa, musawatukwane. Si iwo anaphwetsa madamu. Apempherereni pamodzi ndi anamwino ogwira ntchito ndi tochi.

Amene ali okonzeka kusunga mankhwala kapena kulandira ana owerenga aonane ndi mkulu wa mpingo wa dera lawo Lamlungu likudzali tikatuluka m'mapemphero.

Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.