Oyendera zaumoyo apatsidwe zoyezera chakudya

Akonzi,

Zimandipweteka kuona oyendera zaumoyo akuzungulira m'misika chimanjamanja, akudalira maso okha.

Mu 1946, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha kumene, anthu oposa 200 anadwala taifodi ku Aberystwyth, ku Wales, atadya ayisikilimu wa wogulitsa wina yemwe anali ndi tizilombo m'thupi koma akuoneka wathanzi. Mu 1947 boma la Britain linalamula kuti zinthu zosakaniza popanga ayisikilimu ziziyamba zatenthetsedwa. Oyendera ankatapako ayisikilimu m'masitolo n'kupita naye ku labotale, komwe ankathiramo utoto wa methylene blue. Utotowo ukazilala msanga, ankadziwa kuti tizilombo tachuluka, n'kubwerera kwa wopangayo kukafufuza ziwiya zake.

Chonde, makhonsolo athu apatse oyenderawa mabotolo otengera chakudya, moziziritsira ndi labotale yapafupi.

Ndine wowerenga wanu,
Zomba